Madzi a Kumsana kwa Mayi Zione Shawa

Malemu Mayi Zione Shawa, mwana wa a Chulu, anabadwa pa 9 Malichi 1957 ku Katete, chimanga chili pafupi kucha. Anatisiya Lachiwiri lapitali, pa 17 Juni 2025, kunyumba kwawo ku Kafue Estates, ali ndi zaka 68.

Abusa, akuluakulu a mpingo, a kwa Chulu ndi a kwa Shawa, anansi, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe, ndikupatsani ulemu. Dzina langa ndine Harrison Miti, msuweni wa malemu. Mayi anga ndi bambo awo anali a bere limodzi. Mbiri iyi sanandipatse chifukwa choti ndimawerenga bwino kuposa ena, ayi, maso anga omwe ndi awa mukuwaonawa. Andipatsa chifukwa m'banja muno masiku ano anthu sakuyang'anana m'maso, ndipo msuweni alibe mbali. Kwathu msuweni amaloledwanso kunena zimene mlongo sangathe kunena, ndipo lero sindiuma pakamwa.

Mwaona nokha kuti pamphasa ya ana, pafupi ndi bokosi, pakusowa munthu mmodzi. Mpongozi wa malemu, Mapalo, mkazi wa mwana wawo Moses, sali m'tchalitchi muno. Waima panja paja, pafupi ndi chipata. Banja litakhala pansi Lachitatu linagamula kuti asasambitse nawo thupi, asakhale pamodzi ndi ana, asaike nkhata pamanda, ndipo maliro akatha alongedze abwerere kwawo ku Kasama. Mlandu wake ndi wakuti ndiye analola madokotala kutenga madzi a kumsana kwa apongozi ake. Akuti singano imeneyo ndi imene inawapha miyendo, kenako n'kuwapha eni ake. Mbiri iyi ifika pamenepo, koma mundilole ndiyambire poyambira.

Mu 1963 bambo awo anapeza ntchito ya njanji, banja lonse n'kusamukira kuno ku Kafue. Ana anali atatu. Oyamba anali a Brian, amene anatsogola kale. Achiwiri ndiwo malemuwa. Otsiriza ndi a Davies, amene akhala kutsogoloku, ndipo ndiwo mwini mbumba lero. Malemu anayamba sukulu mu 1965 n'kumaliza Giredi 7 mu 1971. Anakhoza bwino kwambiri, koma masiku amenewo kabudula ndiye ankapitiriza sukulu, diresi linkabwerera kunyumba. Ine ndinapitiriza, ngakhale masamu ankandithawa. Nkhani imeneyi ankandikumbutsa nthawi iliyonse tikakumana, mpaka chaka chino.

Mu 1975 analembedwa ntchito ku fakitale ya nsalu, ku makina oluka. Amayi a msinkhu wathu amene muli muno, ambiri a inu munavalapo chitenje chodutsa m'manja mwawo. Mu 1978 anakwatiwa ndi Bambo Lighton Shawa a ku Chadiza, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya feteleza. Kampani inawapatsa fulati ya pamwamba ku Estates. Tsiku lolowa m'nyumbamo ndinalipo. Mkwatibwi ankakwera masitepe chothamanga, katundu ali pamutu, akuseka kuti tsopano azigona pamwamba pa mitu ya anthu. M'nyumba imeneyo Mulungu anawapatsa ana awiri, Moses mu 1981 ndi Natasha mu 1988.

Fakitale ya nsalu itatsekedwa, ambiri anagwira tsaya. Iwo anapeza njinga n'kuyamba kupalasa kupita ku Chanyanya kukaoda nsomba kwa asodzi, kudzagulitsa kuno kumsika. Mvula ikagwa anali ku Shimabala, m'munda wa chimanga. Ukafuna kuwaona unkayenera kuwadikira panjira, chifukwa kunyumba unkangopeza loko. Amuna awo ankanena kuti anakwatira mphepo. Bambo Shawa anamwalira mu 2011, ndipo ngakhale pamenepo malemu sanakhale pansi nthawi yaitali. Anati chisoni chimakula munthu ukachikhalira.

Mu 2014 Moses anabweretsa mkazi, Mapalo, Mubemba wa ku Kasama. Sindinama pamaso pa bokosi, poyamba malemu sanakondwe. Anati, "Manje mwana wanga ayamba kudya anyani." Mapalo naye sanachedwe. Anayankha kuti m'nyumba ya odya mbewa iye abwera ndi mbale yakeyake. Mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba tikayamba kunyozana chotere, ndiye kuti chibale chagwira. Akazi awiriwa anakhala m'fulati imodzi ndi khitchini imodzi zaka khumi ndi chimodzi. Ankakangana za mchere, za sopo, ndi za kaleredwe ka Jesse ndi Mtendere, adzukulu amene anabadwira momwemo. Sindinamvepo kuti wina wagona ndi njala chifukwa cha mkanganowo.

Mu Juni 2022 malemu anakwera ndeke koyamba m'moyo wawo. Natasha, amene anakwatiwa ku Sweden, anali atabereka mwana wamkazi, Jasmine, ndipo anaitana mayi ake kuti akamuthandize. Mwanayo anamusambitsa, anamubereka, koma kukhala m'nyumba tsiku lonse kunawatopetsa. Mwezi wa Ogasiti anamva kuti anansi akupita kunkhalango kukazula bowa. Mayi wa ku Katete ukamuuza kuti kuli bowa wopanda mwini, ndiye kuti wamutaya. Eni dzikolo akamapita kumeneko amavala majombo, amalowetsa thalauza m'masokosi, ndipo akabwerako amafufuza thupi lonse. Malemu anapita ndi chitenje ndi patapata.

Patapita masiku anapeza kankhupakupa kuseri kwa bondo, kakang'ono ngati njere ya mpiru. Anakachotsa ndi chikhadabo n'kukataya. Sanamuuze Natasha, chifukwa munthu wokulira pafupi ndi ng'ombe za m'dambo la Kafue sangaitanire anthu nkhupakupa. Kumeneko akuti ikakuluma pamatuluka chibanga chofiira chozungulira, ndipo ndicho chimawathamangitsira kuchipatala. Pakhungu lathu lakudali chofiira sichioneka msanga, ndiponso kuseri kwa bondo ndani amadziyang'ana? Anabwerako mu Seputembala ndi bowa wouma m'chikwama. Nkhani ya nkhupakupayo anaikamba kamodzi kokha, m'khitchini, akuseka ndi mpongozi wawo. Anati, "Na nkhupa za kuja n'zoyonda, Mapalo. Zathu za ku Chanyanya zimankhala zonenepa monga njere za nshawa."

Mu Okutobala anayamba kumva mutu, thupi kutentha, khosi kuuma. Aliyense anati ndi malungo. Atayezedwa malungo sanapezeke, koma anamwabe mankhwala ake, kawiri konse. Kenako unabwera ululu wa m'msana wotsikira m'miyendo. Ankati zili ngati wina akuwathira madzi otentha mkati mwa mnofu, ndipo panado sankaphula kanthu. Mu Novembala pakamwa panapotoka, diso lamanzere n'kukana kutsekeka. Anthu anati ndi sitiroko, ngakhale kuthamanga kwa magazi awo kunali bwinobwino. Achinyamata a kutchalitchi kwa Moses anabwera ndi mafuta kudzapemphera, ndipo tikuwathokoza. Ena a m'banja anapitanso kwina kumene sinditchula m'nyumba ya Mulungu muno. Pakamwa panawongokako, tonse n'kuti zatha.

Sizinathe. Chaka cha 2023 chitangoyamba miyendo inayamba kuuma. Ankakoka phazi poyenda. Njinga anaitsamiritsa kukhoma. Masitepe ankatsika chokhala pansi, limodzilimodzi, ngati mwana wokwawa. Lilime nalo linalemera, mawu n'kumatuluka osokonekera.

Mu Epulo anagonekedwa m'chipatala china ku Lusaka. Anawayeza matenda onse amene timawaopa kunoko, osapeza kanthu. Dokotala wawo, mayi wachichepere wolankhula Chinyanja chathu chomwechi, anati vuto lili m'mitsempha ya kumsana ndi ku ubongo, ndipo sangalione popanda kutenga madzi pang'ono a kumsana. Mawu amenewo mukudziwa mmene timawamvera. Tonse muno tinamvapo kuti munthu akatengedwa madzi a kumsana sabwerako. Kwa a Davies sinali nkhani yongomva. Mu 1996 achimwene awo a Brian anafika kuchipatala atakomoka kale, madokotala anapempha zomwezi, a Davies anavomera, ndipo mkuja wake tinali pamaliro. Kuyambira pamenepo analumbira kuti m'bale wawo wina sadzabayidwanso kumsana iwo ali moyo. Pamwambo wathu nkhani yaikulu chotere wodwala sadziyankhira yekha, amayankha ndi mwini mbumba. A Davies anakana, ndipo malemu anabwerera kunyumba ndi mankhwala ochepetsa ululu okha.

Tsiku limene nditchule tsopanoli ndikupempha muligwire. Pa 4 Juni 2023, Lamulungu, malemu anagwa m'bafa, ndipo sanaimenso ndi miyendo yawo. Anansi a pansi anamva kugwako, anathandiza kuwanyamula, ndipo ali muno. Tsiku limenelo singano inali isanawakhudze.

Mu Julayi anabwereranso kuchipatala atafooka kwambiri, ndi zina zimene ulemu sundilola kutchula. A Davies anasiya zonse n'kukakhala pambali pa bedi. Anagawa anthu osinthana kuti bedilo lisakhale lokha. Mabanja ena amadikirira wodwala kuti dokotala abwere msanga. Banja lathu linkadikirira kuti dokotala asayandikire ndi singano. Malemu anali pakati, osatha kudzuka, osatha kuthawa, osatha kudzilankhulira. Mawu awo anali atasokonekera moti ankawamva ndi Mapalo yekha, poti ndiye ankakhala nawo tsiku lonse. Mapalo akati amayi akuti avomera, a Davies ankati, "Ndiwe ukamba, osati iye."

Tsiku lina dokotala uja anafunsa ngati wodwalayo anayendapo kunja kwa dziko. Anamuuza za Sweden. Anafunsa ngati analowapo m'tchire, ngati china chinawalumapo. Apo ndi pamene Mapalo anakumbukira nkhani ya m'khitchini ija. Dokotala anapita kukawerenga, n'kubwerako ndi dzina limene palibe mmodzi wa ife anali atalimvapo, matenda a Lyme. Anati ndi tizilombo tolowa m'thupi ndi nkhupakupa za kumaiko ozizira, ndipo tikachedwa kuphedwa timakafika m'mitsempha ndi ku ubongo. Anati mankhwala ake alipo. Koma anatinso zizindikirozi zimafanana ndi za TB ya ku ubongo, imene mankhwala ake ndi ena, a miyezi yambiri, ndipo iye sangalote. Madzi a kumsana ndiwo anganene zoona. A Davies anakananso.

Pa 18 Julayi, Lachiwiri, a Davies anabwera kuno ku Kafue kudzasintha zovala, n'kusiya Mapalo pabedi ndi lamulo lomwe lija. Masana dokotala anafika. Sanafunse Mapalo. Anakhala pabedi, anagwira malemu dzanja, n'kuwafotokozera iwo eni mmene singanoyo imalowera, zimene ingapeze, ndi mutu umene ungawapweteke pambuyo pake. Kenako anawafunsa maganizo awo. Malemu sanayese kulankhula. Anadzitembenuza okha kuyang'ana kukhoma, anakweza bulauzi, ndipo ndi manja awo anakoka mawondo akufawo kuwabweretsa pachifuwa, msana n'kuusiya poyera. Anesi anaona, ndi amayi odikirira odwala m'wodimo anaona. Ntchito ya Mapalo pa tsikulo inali kuwagwira manja, basi.

Mutu unawapweteka masiku awiri, monga ananenera dokotala, ndipo a Davies atabwerako anati, mwaona. Madziwo anatumizidwa ku South Africa. Mu Ogasiti yankho linabwera, ndipo linali lomwe lija la nkhupakupa.

Mankhwala ake anali antibayotiki amene dzina lake lilime langa limakana, ceftriaxone. Anali olowa mumtsempha, kamodzi patsiku, masabata anayi, osadumpha. Masiku oyamba thupi linatentha kuposa kale, ankanjenjemera mpaka bedi kugwedezeka. Dokotala anali atachenjeza kuti tizilombo tikayamba kufa zimatero, koma chenjezo limenelo analimva ndi Mapalo yekha, chifukwa ena anali atakwiya n'kuchoka. Sabata itatha anawatulutsa kuti azikalandira mankhwala otsalawo kukiliniki kuno ku Kafue, m'mawa uliwonse.

Apa ndi pamene masitepe anakhala mdani. Moses amagwira ntchito ku Lusaka, amakwera minibasi kusanache. A Davies ndi ana awo anali atanena kuti amene anayamba nkhaniyi aimalize yekha. Ndiye m'mawa uliwonse Mapalo ankagwada pafupi ndi bedi, n'kubereka apongozi ake kumsana ndi chitenje, kuwatsitsa mpaka pa takisi, ndipo akabwerako kuwakwezanso. Inu a ku Estates munkaona, musayang'ane pansi. Malemu sanali munthu wopepuka. Mitsempha ya m'manja inayamba kubisala, kanula yolowetsera mankhwala ija ankaisuntha mkono uno, mawa mkono winawo, mpaka manja onse anatupa. Mankhwalawo anawatsegula m'mimba, chakudya chinasiya kukoma. Sabata yachitatu malemu anakana, anagwira chitsulo cha bedi, akusonyeza kuti atopa, awasiye. Mapalo anangogwada pomwepo, n'kuwaitana mayi m'Chibemba chake, kuti, "Mayo, tasala pang'ono. Kwelani." Anakwera, ndipo sanadumphe tsiku ngakhale limodzi.

Mankhwalawo anagwira ntchito, ndipo izi ndikufuna zimveke mpaka kumbuyo uko. Ululu wa madzi otentha uja unatha. Anayambanso kugona tulo. Mutu unasiya, nzeru zinabwerera m'malo mwake, lilime linamasuka. Mawu awo oyamba omveka bwino sanali othokoza munthu, mukuwadziwa. Anafunsa kuti chimanga cha ku Shimabala anakolola ndani, ndipo n'chifukwa chiyani matumba achepa.

Koma miyendo sinabwerere. Dokotala anati antibayotiki amapha tizilombo, samanganso mtsempha umene unawonongeka kale. Anati mankhwalawo akanayamba mu Epulo, mwina akanayendanso. Sanalonjeze, anangoti mwina. Natasha ali ku Sweden anachonderera kuti awapatsebe diripi miyezi ina, kuti kapena miyendo ingadzuke. Dokotala anakana. Anati tizilombo tafa kale, kuwonjezera mankhwala kungangowapweteka m'thupi, ndipo chotsala ndi kulimbitsa miyendo ndi a fiziyo. Anayesa zimenezo. Zala za kumapazi zinayamba kugwedezeka, koma zinathera pomwepo.

Kuyambira Seputembala 2023 mpaka sabata ino, malemu anakhala pamwamba paja. Munthu amene amuna ake ankamutcha mphepo anakhala pampando umodzi, pazenera limodzi. Anayesa kusinthana nyumba ndi a pansi, sizinatheke. Njinga ya olumala inapezeka, koma njinga sitsika masitepe. Ankaona maminibasi akupita ku Lusaka. Ankaona anzawo a nsomba akudutsa ndi madengu, iwo n'kumawakuwira mitengo ali pazenera, akuwanena kuti akugulitsa motchipa ngati ana. Mvula yoyamba ikagwa ankapempha kuti awatsegulire zenera lonse, ndipo tsiku limenelo sankalankhula ndi munthu. Pa zaka ziwirizo anatsika pansi kangapo kokha, popita kuchipatala, ali pamsana pa mpongozi wawo. Mapalo anasiya malo ake oluka tsitsi kumsika. Nayenso anakhala m'nyumba momwemo, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti zilonda zisatuluke, ndipo zilonda sizinatuluke.

A Davies ankabwera Lamulungu lililonse, chifukwa mlongo wawo ankamukonda, zimenezo palibe angatsutse. Koma sankamupatsa moni Mapalo, ndipo nshima yake sankaidya. Malemu anawauza kambirimbiri kuti msana unali wawo, anaupereka okha, ndipo miyendo inafa singano isanabwere. A Davies ankayankha kuti munthu wodyetsedwa ndi kusambitsidwa sanganene zoipa za womusambitsa. Mukuona mmene anamangidwira? Pamene analibe mawu, anati Mapalo akuwalankhulira. Mawu atabwera, anati akulankhula mwamantha. Moses anali pakati pa amalume ake ndi mkazi wake, ndipo Moses, mwana wanga, ndikunena pamaso pako, unakhala chete kwambiri. Zimenezi zinkawawawa mayi ako kuposa miyendo.

Mu Meyi chaka chino ndinapita kukawaona. Anatuma Mapalo kumsika, n'kundiuza kuti nditseke chitseko. Anati, "Ba Harrison, Davies samvela ngati nili moyo. Nikakamba, amanidula pakamwa. Mukakambe pa malilo yanga, pa mbiri. Paja munthu sayankha." Ndinaseka, ndinati msuweni, iwe ndiwe udzawerenga yanga. Iwo sanaseke. Anandigwira dzanja mpaka nditavomera.

Kuzizira kwa Juni kutayamba anagwidwa ndi chifuwa, chifuwa n'kusanduka chibayo. Anesi anabwera, mankhwala analandira, koma mapapo a munthu wokhala pansi zaka ziwiri alibe mphamvu. Lachiwiri m'mawa anapuma komaliza. Kumutu kunali Mapalo, kumiyendo kunali a Davies, chipinda chimodzi, osalankhulana. Chikalata cha imfa chikuti chibayo, sichikutchula singano.

A Davies, m'bale wanga, ndikulankhula nanu mwaulemu wonse. Palibe akukuimbani mlandu pano, ndipo malemu anandiletsa kutero. Munakana chifukwa munaika achimwene anu m'manda, ndipo simunafune kuikanso mlongo. Munagona pabenchi ya chipatala pa msinkhu wanuwu. Ndikudziwa kuti n'kovuta kuvomera kuti a Brian anafa ndi matenda amene anali atawamaliza kale asanafike kuchipatala, ndi kuti dzanja lanu linalibe mlandu tsiku limenelo. Koma ngati dzanja lanu linalibe mlandu mu 1996, la mwana uyu lilibenso. Madzi aja ndiwo anatchula matenda. Mankhwala aja ndiwo anatibwezera Zione wolankhula, wotukwana, wogona tulo, kwa zaka ziwiri. Jesse ndi Mtendere adzakumbukira mawu a agogo awo chifukwa cha zimenezo. Ine zikundiwawa, ndipo sindibisa, kuti munthu amene anatsika naye masitepe pamsana lero waimitsidwa kuchipata ngati mlendo wopempha madzi.

Malemu asiya mlongo wawo, a Davies Chulu. Asiya adzukulu atatu, Jesse, Mtendere ndi Jasmine. Asiya mkamwini ku Sweden, amene ali ndi mwana ndipo sanathe kubwera. Ana anabereka awiri, Moses ndi Natasha, amene wafika dzulo ndi ndeke. Koma anandiuza kuti powerenga ndinene atatu, ndipo wachitatu ndi Mapalo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza dokotala amene anafunsa funso limene ena sanafunse, ndi anesi a kukiliniki amene ankasaka mtsempha moleza mtima. Ndikuthokoza anansi a m'mafulati, a takisi amene ankadikira pansi m'mawa uliwonse, amayi a nsomba amene abweretsa ndiwo za pamaliro kuchokera ku Chanyanya, achinyamata amene akumba manda, kwaya, ndi inu abusa. Ambuya athu Achibemba, amene mwaphika, mwatunga madzi, n'kutipaka ufa kumaso monga mwa chibale chathu, zikomo. Mwagwira ntchito mwana wanu ali panja, ndipo simunanene kanthu. Ulemu umenewo watichititsa manyazi.

Kwatsala mawu amodzi, aja owafunira mpumulo. Amenewo malemu anati ndisawanene pamphasa pakusowa munthu. Amake Jesse, mukundimva pachipata apo. Lowani, mayi.

Sakusuntha, ndipo sindikumudabwa, poti analetsedwa ndi akulu. Ine sindingapite kukamutenga, si mkazi wanga, ndipo si ine ndinamuletsa. Abusa, mundikhululukire, ndidikira. Dzuwa likadalipo, manda sathawa.

A Davies akuyang'ana pansi. Asiyeni, musawayang'ane, nawonso akulira mlongo wawo.

Moses wanyamuka. Amayi a kwaya, mupatseni njira.

Bwerani nayeni kuno. Ayi, osati kumbuyo, kumutu kuno, pafupi ndi Natasha. Khalani pansi, mayi, mwaima kokwanira.

Zione, msuweni wanga, munandituma ndipo ndanena. Ana anu atatu ali pano. Mulungu amene anakuperekani kwa ife akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.